Zilembo Zamakona

Pamene likulu la dziko lino linasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, mmisiri wina wolemba zikwangwani ku Old Town anali akali mnyamata. Nyumba zatsopano za ku Capital Hill ndi ku City Centre, makamaka ya Reserve Bank yomwe imakula ikamakwera m'mwamba, zinamutenga mtima kotero kuti anafuna kuti zilembo zake zifanane nazo.

Iye anatengera zilembo za Eurostile, zimene Aldo Novarese wa ku Italy anakonza mu 1962, koma anazipitiriza. O anamusandutsa bokosi, S anamuthyola ngati bango, ndipo A anamuchotsa kamtanda kapakati. Eni masitolo anazikonda poti zinkaoneka ngati zochokera m'tsogolo.

Tsiku lina anapeza mayi wina atabereka mwana wodwala, akuzungulirazungulira pakhomo pa sitolo ya mankhwala imene iye mwini analemba.

“Bambo, kodi mankhwala amagulitsa pati? Kuwerenga ndinaphunzira kusukulu ya kwacha, koma izi zandikanika,” anatero mayiyo.

Mmisiri uja anagwidwa ndi manyazi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'mawa mwake anafufuta chikwangwanicho nachilembanso ndi zilembo zozungulira bwino, osalipiritsa.

Zilembo zamakona sanazitaye ayi. Ankazilembabe pa malaya a mpira ndi pa maminibasi. Koma pakhomo lililonse pofika munthu wovutika, ankayamba wadzifunsa ngati mayi uja akadatha kuwerenga.