Tinkadula malipiro a alonda m'dzina la chifundo

Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito pa kampani ina mumzinda wa Blantyre, ndipo ndine ndinayambitsa thumba la zachifundo la pakampanipo. Anzanga a m'makampani ena akhala akundipempha kuti ndiwathandize kuyambitsa lawo. Ndisanawapatse fomu iliyonse ndimayamba ndawauza zimene lathuli linachita, chifukwa m'chaka chake choyamba linapweteka anthu osauka a m'kati mwa mpanda wathu womwe, ndipo malamulo ake ndinalemba ndi dzanja langa.

Ganizo linabwera mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atamiza midzi ku Chikwawa ndi ku Nsanje n'kuwononga damu la ku Kapichira. Tinasonkha zovala, zidebe ndi ufa mothamanga, katunduyo n'kukafika anthu atavutika kale. Ndinaona kuti pafunika thumba lokhazikika. Ndinali nditawerengapo za ku Britain, kumene kuyambira 1987 wantchito amatha kuuza abwana ake kuti azimudula kangachepe pa malipiro n'kumatumiza ku bungwe limene mwiniwakeyo wasankha. Kumeneko ndalamayo imachoka msonkho usanawerengedwe, motero woperekayo samva kupweteka konse kwa mphatso yake. Ine ndinatengako kudula kokhako. Zoti mwini ndalama asankhe yekha ndinazisiya, ndipo tinkadula pa kotsala, PAYE ya ku MRA ndi 5 peresenti ya penshoni zitachoka kale.

Mafomu tinawagawa pa msonkhano wa antchito onse, abwana aakulu atakhala kutsogolo. Ndinalankhula bwino tsiku limenelo, ndinatchulanso mwambi woti kupatsa n'kuika. Aliyense anasaina. Ndani akanabweza fomu yosasaina pamaso pa munthu amene amavomereza kontilakiti yake? Ndalama inali yofanana kuyambira kwa manijala mpaka kwa mlonda ndi mayi wokolopa, ndipo ine ndinkati chilungamo n'chimenecho. Nthawi imeneyo malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali K50,000 pa mwezi, ndipo ena mwa anthu athu sankapitirira patali pamenepo. Ndalama imene kwa manijala inali ya mayunitsi a tsiku limodzi, kwa mlonda inali ndiwo za masiku angapo. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, sopo ndi mafuta ophikira zinakwera, koma ife sitinasinthe kalikonse.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti ndinkadziona ngati ndikuphunzitsa anthuwa kupereka, pamene iwo anayamba kupereka ine ndisanalote za thumba. Wantchito wa m'tauni malipiro ake amakhala atagawidwa kale asanafike. Kumudzi akudikira ya feteleza. Mwana wa mlongo wake ali ku sekondale ndipo fizi akuyang'ana kwa amalume. Kutchalitchi kuli chakhumi ndi pepa sande, kumzikiti kuli sadaka. Kudera kumene akuchita lendi kukagwa maliro, amfumu amayendetsa mbale ya ufa ndi chipepeso khomo ndi khomo, ndipo wosaponya amadziwa kuti tsiku lake likadzafika adzalira yekha. Wachibale akagonekedwa ku Kwinizi, amene amanyamula phala m'mawa ndi kulipira minibasi ya womudikirira ndi yemweyu. Pakampani pomwe panali kale chipereganyu ndi kabuku ka zamaliro kamene madalaivala ankasunga okha, kopanda fomu, kopanda komiti, ndipo sikanasowetsepo tambala ya munthu. Zonsezi sindinaziwerengere kuti n'zachifundo chifukwa zinalibe lisiti ndiponso sizinkajambulidwa.

Zathu zinkajambulidwa. Kumapeto a chaka tinapita ku malo ena osamalirako ana amasiye ndi cheke chachikulu cha pa katoni, mbendera ya kampani ili pambuyo. Masikipa amene tinavala, mafuta a galimoto ndi chakudya cha a komiti zonse zinachokera m'thumba lomwelo. Nkhani itatuluka inati kampani yathu yathandiza ana amasiye, chonsecho kampani sinaikepo ndalama yake ngakhale imodzi. Alonda amene anadulidwa anatsala pageti kutitsegulira potuluka ndi pobwera.

Kenaka mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Mvula inagwa usana ndi usiku osaleka, phiri la Soche linagumuka, matope ndi miyala zinatsikira pa nyumba za anthu ku Chilobwe. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu zinalinso chimodzimodzi. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 500,000 anasiyidwa opanda pokhala. Nthawi iyi ovutikawo sanali a kutali ku chigwa cha Shire ayi. Anali anthu athu omwe, chifukwa wolandira malipiro ochepa ndi amene amachita lendi m'mphepete mwa phiri ndi m'mbali mwa mitsinje, kumene nyumba n'zotchipa.

Mmodzi mwa alonda athu, bambo wachikulire, nyumba inawagwera ndipo banja lawo linkagona m'kalasi pa sukulu ina imene inasanduka kampu. Anabwera ku ofesi yanga atavala yunifomu yokha, poti zovala zina zonse zinapita ndi matope. Anapempha thandizo la m'thumba. Ndinatsegula fayilo n'kuwawerengera lamulo limene ndinalemba ndekha, loti ndalama za thumbali n'zothandizira anthu a kunja kwa kampani basi, kuopa kukondera. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Abwana, paja munatiuza kuti kupatsa n'kuika. Ine ndabwera kudzatenga chimene ndinaika." Ndinasowa choyankha. Ndinawapatsa ya m'thumba mwanga, koma iwo sanabwere kudzapemphetsa kwa ine, anabwera ku thumba lawo. Choipitsitsa n'choti pakutha pa mwezi womwewo kompyuta ya malipiro inawadulanso, chifukwa panalibe amene anakumbuka kuimitsa.

Nkhaniyi inafika kwa atsogoleri a antchito, ndipo anabwera atakwiya. Anatikumbutsa kuti lamulo la zantchito la 2000 sililola bwana kudula malipiro a munthu mmene wafunira. Ndinatulutsa mafomu osainidwa aja kuti ndidziteteze. Mayi wina anandifunsa kuti, "Achimwene, inuyo abwana aakulu atakuyang'anani m'maso mukanakana?" Sindikanakana. Tinaimitsa kudula konse, ndipo ndinapita ndekha kwa akuluakulu a kampani kukapempha kuti antchito onse amene nyumba zawo zinawonongeka athandizidwe ndi ndalama za kampani. Anavomera, ngakhale panali amene ankadandaula kuti tikuyambitsa chizolowezi.

Pomanganso thumbalo tinayambira pa kampani yeniyeniyo. Tinagwirizana kuti wantchito akaponya kwacha, nayo kampani iziponya kwacha. Izi zinavuta kuposa china chilichonse, ndipo mpamene ndinadziwa kuti ena ankalikonda thumba lakale lija chifukwa linkawabweretsera dzina labwino kwaulere. Fomu tsopano munthu amaitenga yekha ku ofesi ya malipiro, amalembapo ndalama imene angathe, ndipo akafuna kusiya amangolemba kakalata, palibe womufunsa chifukwa. Maina a opereka amadziwa ndi wokonza malipiro yekha. Matumba tinawagawa pawiri, lina lothandiza antchito anzathu pa ngozi, lina la anthu a kunja, ndipo woperekayo amasankha kumene ndalama yake ipite. Kabuku ka zamaliro ka madalaivala sitinakakhudze, n'kawo.

Komiti imasankhidwa ndi antchito, ndipo muli dalaivala ndi mayi wokolopa. Iwowa ndi amene anatiletsa kugula zoseweretsa za ana za pa Khirisimasi, n'kunena kuti ku wodi ya amayi oyembekezera ku chipatala chaching'ono cha kwawo kukusowa zidebe, sopo ndi zitenje. Ine nditakhala mu ofesi sindikanazidziwa. Ndalama zili ku akaunti yakeyake ya ku banki, osainira ndi atatu, ndipo palibenso zolandira ndalama za thumba pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu. Mwezi uliwonse timakhoma pa bolodi zimene zalowa, zimene zatuluka ndi malisiti ake. Masikipa, mafuta ndi zakumwa amalipira ndi kampani. Bungwe lililonse lotipempha thandizo timayamba taona ngati linalembetsa ku NGORA, yomwe kale inali NGO Board, ndipo pa ngozi zogwa mwadzidzidzi timadutsira ku DoDMA, ku khonsolo kapena ku Malawi Red Cross Society, amene amakhala ndi kaundula wa okhudzidwa, m'malo moponya katundu kuchokera pa lole kuti amphamvu okha alimbirane.

Kukakamiza kutatha opereka anachepa kwambiri, ndipo sindibisa kuti zinandikhumudwitsa. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwanso ndi 44 peresenti, enanso ambiri anasiya. Kugwa kumeneku kunatipezanso tili ndi ndalama zimene tinkasungira mwambo wa kumapeto a chaka, ndipo mabulangete amene tinawerengera sanakwanenso. Kuyambira pamenepo vuto likafika timathandiza mwezi womwewo, pakhale wojambula kapena ayi. Bambo aja amene nyumba inawagwera sanalembetsenso, ndipo sindinawafunse. Komabe ndimawaona akuponya m'kabuku ka madalaivala nthawi zonse pakagwa maliro.

Inu anzanga a m'maofesi oona za antchito amene mukufuna kuyambitsa thumba lotere, musanasindikize fomu pitani kaye kwa eni kampani mukawafunse kuti iwo aikapo zingati, ndipo yankholo akupatseni lolembedwa. Akakana, malipiro a mlonda musawakhudze.