Ndinasaina osawerenga

Fomu ya osindikiza ndinasaina osawerenga. Unali usiku, imelo itangofika yoti magazini ina yotchuka ya sayansi yalandira pepala langa. Chimwemwe chinandizunguza mutu, ndipo chomwe ndinkaona ndi dzina langa basi.

Pepalalo linali la kashembe ndi matenda a kaodzera m'chigwa cha Luangwa, ku Chama. Ndinayenda m'midzi ya kwa Chikwa ndi kwa Chifunda, kutchera misampha ya nsalu yabuluu ndi yakuda, kudya mpunga wa eni mudzi, wonunkhira uja. Mayi wina wachikulire, akupinda mkono titamutenga magazi, anandifunsa kuti, "Zimene mupezezo mudzatiuza, adokotala?" Ndinati, "Tidzakuuzani, amayi." Pakamwa panali popepuka.

Amene anandipatsa ndalama amatsatira Plan S, mgwirizano umene unalengezedwa mu 2018. Lamulo lake ndi lakuti kafukufuku wolipiridwa ndi ndalama zawo aliyense azimuwerenga ulere kuyambira tsiku lomwe watuluka, kawirikawiri pa chilolezo cha CC BY. Ngakhale bungwe lathu la National Science and Technology Council linalowa nawo. Zonsezi zinali m'kontrakiti yanga, pa tsamba limene ndinadumpha pothamangira la bajeti. Ndikanangolemba mawu ochepa potumiza pepala, onena kuti ufulu woika kope langa m'nkhokwe yaulere ya pa intaneti ndikuusunga. M'malo mwake umwini wonse ndinaupereka kwa osindikiza ndi manja awiri.

Poona kuti pepala silinali laulere, opereka ndalama anagwira gawo lomaliza la ndalamazo. Osindikiza anati ndidikire chaka chathunthu, apo ayi ndilipire madola masauzande kuti atsegule. Ndalama yoteroyo sindinaiike m'bajeti, ndipo wondithandiza m'thengo anadikira malipiro ake miyezi ingapo chifukwa cha ulesi wanga.

Koma chimene chinandilasa ndi foni ya mnzanga wogwira ntchito pa kachipatala ka kumudzi komweko. Anakwera pachulu kusaka netiweki, nawononga bandulo yake, n'kungoona mutu wa pepala ndi mtengo wa madola. "Achimwene," anatero, "magazi ndinakuthandizani kutenga ndine. Lero ndigule?" Kenaka anandikumbutsa za anthrax ya 2011, pamene mvuu zinafa mu Luangwa, anthu n'kudya nyamayo, oposa 500 n'kudwala. Lipoti la mliri umenewo, la mu Emerging Infectious Diseases, amalitsegula pa foni yomweyo osalipira ngakhale ngwee.

Ndinakongola, ndinalipira, pepala linatseguka. Mvula itasiya ndi misewu itauma ndinabwerera ku Chama ndi makope m'chikwama. Mayi aja ndinawapeza akupeta mpunga. Analandira kope lawo mwaulemu, analitembenuza uku ndi uku, Chingerezi chokhachokha, n'kundibwezera.

"Khalani pansi, adokotala," anatero, akundikankhira kampando. "Mutiuze pakamwa."