Akangaude a mazira, ndi zala zimene sindinaphike

Kuno ku Glasgow, mwezi wa Okutobala ukamatha dzuwa limayamba ulesi. Lamlungu lomaliza la mweziwo timabweza mawotchi ndi ola limodzi, ndipo kuyambira pamenepo 5 koloko isanakwane kunja kumakhala kwada kale. Masamba amayoyoka, mphepo imaluma makutu, m'masitolo mumadzaza maungu, zigaza zapulasitiki ndi ukonde wa kangaude wochita kugulitsa. Kwathu nthawi ngati ino nkuti nyenje zikulira, thukuta lili kamukamu, anthu akuyang'ana kumwamba kudikira chizimalupsa. Kuno amadikira usiku wa pa 31 Okutobala, Halloween.

Chaka chino makolo a mumsewu mwathu tinagwirizana zochitira ana phwando limodzi mu holo ya m'dera lathu, aliyense atavala zoti asadziwike. Pa gulu la WhatsApp anagawa ntchito: ena nyimbo, ena zokongoletsa, ine ndi amayi ena awiri zakudya. Uthengawo unati tikonze finger food, komanso ikhale yoopsa. Ndinaseka ndekha. Finger food ndiye kuti chakudya chotola ndi zala, chosalira mbale kapena foloko. Abale, kwathutu chakudya chonse ndi chazala. Nsima, nyemba, therere, usipa, zonse. Ndakula ndikudya finger food katatu patsiku osadziwa kuti ili ndi dzina lolemekezeka chonchi.

Ambiri timaganiza kuti Halloween ndi ya ku America chifukwa cha mafilimu, koma mizu yake ili konkuno, ku Scotland ndi ku Ireland. Kale anthu a kuno anali ndi chikondwerero chotchedwa Samhain, chotsekera nyengo yokolola ndi kutsegulira miyezi yozizira ndi yamdima. Kenako mpingo unaika tsiku la Oyera Mtima Onse pa 1 Novembala ndi lokumbukira omwalira pa 2 Novembala, ndipo dzina loti Halloween limangotanthauza madzulo otsogolera tsiku la oyera mtimalo. Ana a kuno akamayenda khomo ndi khomo amati akuchita guising, ndipo mwambo wake ndi woti mwana ayambe waimba, wanena ndakatulo kapena nthabwala asanalandire switi. Za ulele palibe. Nyali zankhope zija kale ankasema pa turnip, chinthu cholimba ngati chitsa, ndipo achikulire a kuno amakumbukirabe matuza a m'manja. Dzungu linabwera pambuyo kuchokera ku America, anthu nkupumira m'mwamba chifukwa ndi lofewa.

Tsono tiyeni kukhitchini. Ndinayamba ndi akangaude a mazira. Mumawiritsa mazira 12 kwa mphindi 10, nkuwaponya m'madzi ozizira kuti asavute kusenda. Lililonse mumalidula pakati, kuchotsa chachikasu chija, kuchiphwanya pamodzi ndi mayonezi, mchere pang'ono ndi ka tsabola, nkuchibwezera m'malo mwake. Kenako mumatenga ma olive akuda opanda nthanga. Theka limodzi ndi thupi la kangaude, theka linalo mumalidula timizere topyapyala kukhala miyendo. Mwana wanga wamkazi, yemwe ali ndi zaka 8, anadzipatsa udindo wowerenga miyendoyo. Kangaude ali ndi miyendo 8, ndipo aliyense wopezeka ndi 6 ankabwezedwa kuti ndi nyerere.

Chachiwiri chinali timitembo tokulungidwa ngati ta ku Egypt tija. Apa mumafunika timasoseji tating'ono ndi puff pastry yogula kale. Pastry mumaidula tizingwe tosakwana sentimita imodzi m'lifupi, nkukulunga soseji mosalongosoka, kusiya kampata chakumtunda koti pakhale nkhope. Zimapsa mu uvuni wa madigiri 200 kwa mphindi pafupifupi 20. Zikazizira mumadontheza timaso tiwiri ta mustard ndi kamtengo kotokosera m'mano. Ine ndinagula masoseji a nkhuku a halal chifukwa mumsewu mwathu muli mabanja achisilamu, ndipo sindinkafuna kuti mwana wina aziyang'ana mbale anzake akudya.

Zipatso ndiye sizivuta nkomwe. Nachesi losenda, ukalizika kachidutswa ka celery pamwamba, limasanduka kadzungu. Ndinkasenda ndikukumbuka manachesi a ku Mwanza, aja amayi amathamanga nawo m'mabeseni basi ikangoima. Nthochi mukaidula pakati nkuiimika, kuika timadontho titatu ta chokoleti, maso awiri ndi kamwa, basi mzukwa wabadwa. Muipake madzi a mandimu kuti isade msanga. Mphesa, ngati pali ana ang'onoang'ono, muzidule m'litali, chifukwa yathunthu imatha kutsamwitsa mwana.

Chomwe chinandisangalatsa koposa ndi mandasi. Inu mukudziwa kuti mtanda wa mandasi ukakhala wofewa, uja wochita kudontheza m'mafuta ndi dzanja, mandasiwo amatuluka ndi timichira ndi tinyanga. Kwathu wogulitsa amachita nazo manyazi. Kuno ndinazisiya dala. Makapu awiri a fulawa, masupuni ang'ono awiri a baking powder, shuga, dzira limodzi, mkaka wokwanira kuti mtanda uzitsika wokha. Atapsa ndinawaika maso a chokoleti, ena limodzi, ena atatu. Sipanafunike luso lina. Mandasi a pamsika wa Lizulu akanangodziwa kuti kunja kuno akanakhala zilombo zotchuka!

Chinthu chimodzi chimene kuno samaseka nacho ndi zakudya zimene zimawenga anthu ena. Malamulo a ku Britain amatchula mitundu 14 ya zakudya zoyenera kulembedwa poyera pa zogulitsa, kuphatikizapo mtedza, mazira, mkaka ndi tirigu. Lathu linali phwando chabe, koma tinagwirizana kuti pambali pa mbale iliyonse pakhale kapepala konena zomwe zilimo, ndipo mtedza usalowe n'komwe muholomo. Nsinjiro zanga zinatsala m'kabati.

Zonsezi ndinazichita ndi mtima woyera, ndikuimba. Vuto linali pa chithunzi chimodzi chomwe mmodzi wa amayi aja anatumiza pa gulu, nkunditchula dzina kuti poti ndimatha mabisiketi, nditenge imeneyo. Dzina lake zala za mfiti. Kaphikidwe kake ndi ka shortbread ya konkuno: magalamu 100 a shuga, 200 a batala, 300 a fulawa. Mumaumba mtanda ngati chala, kuufinya pawiri kuti patuluke mfundo, kulemba timizere ndi mpeni, kuika nthanga kumapeto ngati chikhadabo, ndi jamu wofiira kumene chalacho akuti chadulidwira. Mumayamba mwauika mufuliji kuti usafalikire mu uvuni. Ndikanatha kuzipanga nditatsinzina.

Ndinachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Zala zowonda, zopindika, mfundo zotupa, khungu lamakwinya. Ndinazidziwa zala zimenezo. Zinali za agogo anga akuchikazi.

Agogo analima ndi khasu zaka zonse za moyo wawo, ndipo nyamakazi inawapinda zala moti kumapeto sankatha kumanga mfundo ya chitenje. Anali amasiye, ndipo anaika m'manda ana awo angapo iwo nkutsala. Kumudzi zinthu zitatu zimenezi zikakumana pa munthu mmodzi, ukalamba, umasiye ndi kutsala pomwe ena afa, manong'onong'o amayamba. Palibe anawamenyapo. Zinangochitika kuti mwana wa m'banja loyandikana atamwalira, anthu anasiya kudzapala moto pakhomo pawo. Ana amene ankabwera kudzatola mango anayamba kulambalala. Ine ndinali wamng'ono, ndinkangodabwa kuti bwanji chigumu cha agogo chikutsala chonse chonchi. Timakonda kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma ndinaona ndi maso anga dambo likusiyidwa lokha.

Mfiti ya kuno ndi chidole. Imavala chipewa chosongoka, imakwera tsache, ili ndi mphaka wakuda. Yakwathu amati imakwera lichero, imatuma fisi, imadya nyama ya anthu akufa. Ndiye tangoganizani mbale yodzaza zala za munthu, jamu ali chuchuchu. Koma chimene chinandigwira pakhosi sichinali mantha a ufiti. Chinali chakuti kwathu mawu oti mfiti akadali ndi mano. Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje nkufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, anthu anaphedwa pongowaganizira, ndipo bungwe la United Nations linachotsako antchito ake ena kwa kanthawi. Lamulo lathu la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo limakhala m'buku pamene gulu la anthu lili pakhomo ndi miyala.

Ndipo musaganize kuti a kuno anabadwa akuseka. Scotland inakhazikitsa lamulo lake lolanga ufiti mu 1563, ndipo linachotsedwa mu 1736. M'zaka zimenezo anthu pafupifupi 4,000 anaimbidwa mlandu wa ufiti, ambiri mwa iwo amayi, ndipo ochuluka anaphedwa. Mukapita ku Edinburgh, pafupi ndi bwalo la kutsogolo kwa Edinburgh Castle pali kachikumbutso kakang'ono pakhoma kotchedwa Witches' Well, pamalo pomwe ankawotchera anthuwo. Alendo ambiri amakadutsa osakaona. Pa 8 Malichi 2022, Nicola Sturgeon, yemwe panthawiyo ankatsogolera boma la Scotland, anapepesa poyera chifukwa cha anthu amenewo. Zinatenga zaka pafupifupi 300 kuti chala cha mfiti chisanduke bisiketi. Kwa ine papita zaka zosakwana 30 chichokereni pa khonde la agogo.

Ndinamuyankha mayi uja pambali kuti zina zonse ndipanga, koma izi atenge wina, ndipo ndinamufotokozera mwachidule chifukwa chake. Sanatsutse. Anati apanga yekha, nkufunsa ngati zingandipweteke zikakhala patebulo. Ndinati ayi. Phwando ndi la ana, ndipo mwambo ndi wa eni dziko. Chomwe sindikanatha ndi choti manja anga aumbe zala zimenezo nkuzipatsa dzina limenelo.

Madzulo a tsikulo amayi anga anaimba pa vidiyo ali kumudzi. Anaona thireyi ya nthochi zamaso ija, nkuona mdzukulu wawo atavala mapiko ndi mlomo wa kadzidzi.

"Iwe, mwanayu wavala chiyani?"

"Kadzidzi, amayi. Kuno amati ndi mbalame yanzeru."

"Kadzidzi! Ndiye unapitira kutaliko kukaphikira mizukwa?"

"Ndi nthochi chabe, amayi."

Anapukusa mutu, nkunena kuti atipempherera. Kenako anafunsa ngati mandasiwo ndaika shuga wokwanira, chifukwa akuoneka otuwa. Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli mbali ya amayi anga, ndipo Amalawi anzanga ena kuno tsikuli amatseka makatani nkuzimitsa nyali ya pakhomo. Sindiwaseka. Ine ndinasankha kuti mwana wanga asakhale yekha pawindo anzake onse ali kuholo, komanso kuti aphunzire kuseka chigaza chapulasitiki uku akudziwa kuti pali mawu ena amene satchulidwa pa munthu wamoyo.

Kuholo ana anavuwa maapozi m'beseni lamadzi ndi mano, mwambo womwe kuno amautcha dooking. Akangaude anatha m'mphindi zochepa. Mandasi anawatcha tizilombo, ndipo bambo wina wovala ngati chigaza anabwerera katatu. Zala zija zinalipo, pakona ya tebulo. Mwana wanga anatenga chimodzi, nkuchiluma, nkunena kuti nchokoma. Sindinamuletse.

Tikubwerera kunyumba, mapiko ali m'manja, anandifunsa chifukwa chimene ineyo sindinadye. Ndinamuuza za agogo. Anakhala chete mpaka pa geti.

"Amami, ndiye agogo anuwo anali mfiti?"

"Ayi. Anali okalamba, ndipo zala zinkawapweteka."

"Ndiye anthu aja bwanji sanangowafunsa?"

Funso limenelo ndilibe nalo yankho, ndipo ndikukayika ngati akuluakulu a m'mudzi muja analinalo.

M'mawa mwake m'misewu munali maungu osemedwa ali mbwee pafupi ndi mabini, ena ataphwanyika. Mtima wa Mmalawi suvomera zimenezi. Ife lathu tinangolijambula nkhope ndi cholembera osalisema, choncho ndinalidula nkuliphika ndi mchere pang'ono, tinadyera tiyi. Nthanga zina ndinakazinga. Zina mwana anazitsuka yekha nkuziyanika pa nyuzipepala pawindo, chifukwa ndinamuuza kuti agogo ankasunga mbewu ya maungu m'kamphika ka phulusa kuti isafumbwe. Akuti tidzadzale m'chidebe pakhonde chisanu chikatha, mwezi wa Meyi. Kaya zidzabereka kuno kozizira, ine ndikungofuna masamba. Papita zaka zinayi ndisanadye nkhwani wotendera.