Laputopu ikakana kuyaka, ndimayambira pa chaja

Ambiri amene amabwera ndi laputopu pa benchi langa kuno ku Chifunde amafika atagamula kale kuti yafa. Amakhala aphunzitsi, anamwino, ena makalaliki a kumsika wa fodya, ndipo nkhope zimakhala zakugwa chifukwa ntchito yawo yonse ili m'menemo. Ine sindivomera msanga. Ndimafunsa kaye kuti, "Achimwene, mumatchajira pati?"

Funsoli n'lofunika kwathu kuno. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi cha Tete, koma m'midzi yambiri ya ku Mualadzi ndi ku Nsadzu anthu amadalira sola, batire ya galimoto ndi kainveta kotchipa, kapena jenereta imene moto wake umakwera ndi kutsika. Chimene chimayamba kupsa ndi chaja. Ndimaiyeza ndi mita: ya HP kapena Dell iyenera kuonetsa mavoti 19.5, ya Lenovo 20, ya Acer kapena Toshiba 19. Ikaonetsa ziro, kapena manambala akamavinavina ndikapinda waya pafupi ndi mutu, mlandu watha, sikulu sindimasula ngakhale imodzi. Chimene chimandiwawa ndi machaja a mitu yambirimbiri amene anthu amagula akapita ku malire a Cassacatiza kapena ku Katete. Ali ndi kabatani kosinthira moto kuyambira mavoti 12 mpaka 24. Mwana akangokasuntha, bolodi imalandira moto woposa muyezo wake.

Chaja ikakhala bwino, ndimachotsa batire, ndidina batani loyatsira kwa masekondi 30 kuti moto wotsalira utheretu, kenako ndilumikiza chaja yokha. Zina zimadzuka pomwepo.

Kenaka ndimamvetsera. Kanyali kakayaka, fani n'kumazungulira koma sikirini ili bii, makinawo ndi amoyo. Kawirikawiri ndi RAM imene yagwira fumbi la mu Okutobala kapena yasuntha ndi mabampu a njinga yamoto. Ndimaizula, ndipukuta mano ake agolide ndi labala wofufutira pensulo, n'kuibwezera mpaka ilire kuti "tha". Ndimayezanso kabatire kozungulira ka CR2032, kamene kayenera kukhala ndi mavoti 3.

Ntchito yeniyeni imayamba pamene kanyali ka pa chaja kakuzima ndikangoilowetsa mu laputopu. Pamenepo ndimadziwa kuti pa bolodi pali shoti. Ndikatsegula nthawi zina ndimapeza mphemvu zitamanga mudzi pafupi ndi fani, kapena dzimbiri lobiriwira pamene panagwera tiyi. Koma nthawi zambiri maso saona kanthu. Wolakwa amakhala kapasita kakang'ono ngati njere ya mapira, pakati pa anzake mazanamazana. Ndimathira sipiriti pang'ono pa mbali imene ndikuikayikira, ndilowetsa moto wochepa kwambiri, voti imodzi yokha, n'kuyang'anitsitsa pa galasi lokuza. Pamene sipiriti wayamba kuuma anzake akadali onyowa, mpamene pakutentha. Ndimachotsa kapasitako ndi chowotcherera, ndiikapo kena kochokera pa bolodi yakufa, n'kuyeza ngati mavoti 3.3 ndi 5 abwerera. Mabolodi akufa sinditaya, chifukwa zipangizo zatsopano n'zoitanitsa ku mzinda wa Tete kapena ku Lilongwe, ndipo mwini laputopu sangadikire pamene mayeso ali pafupi.

Zilipo zimene zimandikanika, makamaka zoombedwa ndi mphezi m'dzinja zili pa moto. Zikatero ndimanena zoona, sindidyera munthu ndalama. Ndimangochotsa diski n'kumusamutsira mafayilo ake, poti malikisi a ana ndi zithunzi za banja nthawi zambiri zimapulumuka ngakhale bolodi itapsa.

Inu amene muli ndi laputopu, mvula ikayamba kugunda zulani chaja. Laputopu ikanyowa musayese kuiyatsa kuti muone ngati ikugwira, chotsani batire ngati imachoka. Ndipo pobwera nayo kwa mmisiri, musasiye chaja kunyumba.