Za Mühlfeld Woliza Citoliro

Mwezi uno tifuna kukamba za munthu wa dziko lakutali amene nchito ya moyo wace wonse inali kuliza citoliro. Kapena ena adzati, Kodi mphunzitsi wasowa nkhani, kuti atiuze za zitoliro zimene ana amaseweretsa kubusa? Lezani mtima, pakuti mbiri ya munthuyu inatitsutsa ife pa kanthu kamene tinalakwa m'sukulu mwathu, ndipo tidzakaulula pothera pace.

Citoliro cimene tinena dzina lace ndi klarineti. Utali wace ufanana ndi dzanja lonse la munthu wamkuru, ndipo ciri ndi mabowo ambiri, ena otseka ndi zala, ena otseka ndi tizitsulo. Kukamwa kwace amamangako kabango kopalidwa bwino. Munthu akauzira mpweya, kabangoko kanjenjemera, ndipo mau acokera pamenepo. Cikhoza kulira pansi ngati mau a mwamuna, cikhoza kukwera ngati a mwana, cikhozanso kunong'ona. Zambiri za masiku ano azisema ndi phingo, mtengo wakuda uja tiudziwa, wodulidwa makamaka ku Tanzania ndi ku Mozambique.

Richard Mühlfeld anabadwa caka ca 1856 ku Salzungen, m'dziko la Germany. Caka ca 1873, ali wa zaka 17, analembedwa nchito ku Meiningen, mudzi waung'ono kumene mfumu yace, Georg II, inasunga gulu la anthu oyimba ndi zoyimbira zamitundumitundu. Koma sanamlembere citoliro ai; anamlembera vayolini, ndiye kaligo wa Azungu wa zingwe zinai. Citoliro anadziphunzitsa yekha, nacigwiritsa cotero kuti caka ca 1879 anamuika woyamba wa oliza klarineti m'gulumo.

Tsono moyo wa m'gulu lotere suli wa ulemerero. Munthu akhala pampando pakati pa anzace makumi angapo, maso ali papepala, nawerenga mumtima kufikira nthawi yace. Aliza mau owerengeka, nakhalanso cete. Omvera amva gulu lonse pamodzi, monga munthu womva mkokomo wa mvula padenga sasiyanitsa madontho. Kuimirira patsogolo ndi kuliza wekha, ena onse nakutsata, ndiwo mwai wa anthu owerengeka.

Masiku amenewo kunali wopeka nyimbo wochuka, dzina lace Johannes Brahms, wokhala ku Vienna. Iyeyu anafika ku Meiningen kawirikawiri kuyambira 1881, ndipo caka ca 1885 anaimirira yekha pamaso pa gulu lija, nalitsogolera poyimba koyamba nyimbo yace yaikuru yatsopano. Mühlfeld anali pomwepo pampando wace. Koma zaka zonsezo Brahms sanampekere nyimbo ngakhale imodzi. Potha caka ca 1890, ali wa zaka 57, Brahms anauza wosindikiza nyimbo zace kuti nthawi yakuleka yakwana. Monga tinganenere kwathu kuno, nkhalamba inapacika khasu.

M'mwezi wa March 1891 anabweranso ku Meiningen, ndipo ulendo uno anamva Mühlfeld alikuliza patsogolo nyimbo za Weber ndi za Mozart. Mtima wace unagwidwa. Anampempha kuti amlizire zina ali awiri, iye nakhala pansi, nachera khutu kuti adziwe zonse zimene citoliroco cikhoza kucita m'manja mwa munthuyo. Caka comweco, ali ku Ischl, anapacikulanso khasu lija, napeka nyimbo ziwiri: ina ya anthu atatu, ina ya anthu asanu, ndiwo woliza citoliro mmodzi ndi a zingwe anai. Pa 12 December 1891 anaziyimba ku Berlin pamodzi ndi Joseph Joachim, katswiri wa vayolini, ndipo anthu anaomba m'manja osaleka kufikira oyimba anabwereza cigawo cina. Caka cotsatira Mühlfeld analiza ku London. M'caka ca 1894 Brahms anampekeranso zina ziwiri, za citoliro ndi piyano, ndipo awiriwo anayenda nazo m'midzi yaikuru, mwini nyimbo ali pa piyano. Nyimbo zinaizi kufikira lero aziphunzira onse ofuna kukhala akatswiri a klarineti.

Ngakhale anachuka cotero, Mühlfeld sanasamuke ku Meiningen. Akabwera ku maulendo ace, anakhalanso pampando wace wakale pakati pa anzace, kufikira anamwalira komweko caka ca 1907, ali wa zaka 51.

Tsono tidzifunse: cinasinthika nciani m'caka ca 1891? Zala zinali zomwezo, mpweya womwewo, luso limene analisula zaka zambiri. Cimene cinacitika ndi ici, cakuti munthu wamkuru anakhala pansi namvera munthu mmodzi payekha. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ngati Brahms, mwini makutu akuthwa cotero, anatha zaka khumi asanadekhe, nanga ife?

Apa ndipo pali kulakwa kwathu kuja. Zaka zapitazo tinali ndi mnyamata m'kalasi mwathu, wocedwa pa masamu, ndipo pa nthawi ya nyimbo tinkamuika kumbuyo cifukwa mau ace anali osasa. Iyeyu anadzipangira citoliro ca nsungwi, naboola mabowo ace ndi msomali wamoto. Tsiku lina, ife tiri kulemba masamu pabolodi, citoliro cija cinalira pang'ono pansi pa benci. Tinacilanda, ticityola pabondo, ndi kuponya zidutswa pazenera. Ana onse anaseka. Iye anangowerama, osalira.

Pambuyo pace anzace anatiuza kuti nyimbo iri yonse imene tinaphunzitsa m'kalasi, iye ankailiza madzulo ace omwewo kudambo, osaphonya, ndi kuti anyamata a ng'ombe ankasonkhana kudzamvera. Zaka zitatu anakhala pamaso pathu tsiku ndi tsiku, ndipo sitinanene ndi kamodzi komwe kuti, Taliza timve. Caka cotsatira analeka sukulu, napita kutauni kukafuna nchito, ndipo sitinaonane nayenso.

Sitinena kuti mnyamatayo akadakhala Mühlfeld, kapena kuti mwana aziliza citoliro pa nthawi ya masamu. Lamulo la m'kalasi liri bwino, ndipo kumdzudzula kunayenera. Koma tinathyola cinthu cimene sitinacimvere, ndipo cimeneci citiwawa kufikira lero.

Cifukwa cace tsopano, Lacisanu liri lonse tisanaweruke, tipatula kanthawi kakuti mwana mmodzi aimirire payekha ndi cimene ali naco, kaya ndi citoliro, kaya ndi kaligo, kaya ndi mau ace okha, ife ndi anzace nkukhala cete. Zina zimene timva ziri zacibwana ndithu, koma zina zitidabwitsa. Tipempha aphunzitsi anzathu, atsogoleri a nyimbo, ndi inu makolo, kuti muyese cimodzimodzi. Mwana wanu akabwera kubusa ndi kansungwi kace m'manja, musafulumire kumuuza kuti alikusokosa. Yambani mwakhala pansi, mumve nyimbo imodzi kufikira itatha.