Kuchokera ku Geneva Kukafika ku Zermatt m'Nyengo ya Chisanu

Kum'mwera kwa dziko la Switzerland, pafupi ndi malire a Italy, kuli mudzi wotchedwa Zermatt. Mudziwu uli kumathero a chigwa chopapatiza, patsinde pa phiri la Matterhorn, limene nsonga yake ili pa mamita 4,478 pamwamba pa nyanja ya mchere. Kumbukirani kuti Sapitwa wa ku Mulanje ali pa mamita 3,002. Mudzi weni-weniwo uli pa mamita ngati 1,600, msinkhu wofanana ndi wa boma la Dedza, koma chisanu chake nchina. Kuyambira Disembala kufikira Epulo dziko lonse limayera mbuu ndi chipale chofewa, ndipo madzi ogona panja amauma gwaa ngati mwala. Imeneyi ndiyo nyengo imene mabanja a m'maiko ambiri amakhamukira kumeneko kukachita masewera a ski, ndiko kutsetsereka pa chipale munthu atamanga timatabwa tiwiri titali-titali ku mapazi.

Ndege zazikulu sizitera ku Zermatt. Mlendo amatsikira ku Geneva, ku Zürich kapena ku Milan, ndipo pamene akuyesa kuti wafika, ulendo wovuta ndi pamene ukuyamba. Munthu wa yekha savutika: chikwama kumsana, wapita. Koma taganizani za bambo ndi mayi amene ali ndi ana atatu, wina wa kumsana, masutukesi anayi odzaza ndi majasi ndi nsapato zolemera, ndipo onse agona pampando usiku wonse. Tiyeni titsagane nalo banja lotere kuchokera pa bwalo la ndege la Geneva.

Atangotuluka pa malo oonetsera mapasipoti, bambo amaona zikwangwani za makampani obwereketsa galimoto, ndipo mtima umamuuza kuti njira yaulemu ndi imeneyi: katundu kumbuyo, ana pa mipando, palibe kuthamangira china chilichonse. Mseu ulipodi, wabwino, wa makilomita ngati 230. Koma galimoto ili ndi zofuna zake. Pa miseu ikulu-ikulu ya m'dzikomo galimoto iliyonse iyenera kukhala ndi chiphaso cha msonkho, cha mtengo wa mafranki 40, ndipo popeza bwalo la Geneva lili pa malire eni-eni, galimoto yobwereka ku mbali ya France nthawi zina imakhala yopanda chiphasochi. Lamulo limafunanso kuti mwana wosakwana zaka 12, ngati sanafike masentimita 150, akhale pa mpando wake wapadera, ndipo mipandoyo imalipiridwa payokha. Onjezanipo kuyendetsa pa mseu woterera kwa munthu amene ali ndi tulo m'maso. Ndipo atapirira zonsezi, galimotoyo sikafika naye kumene akupita, pakuti anthu a ku Zermatt anakana kuti galimoto za alendo zizilowa m'mudzi mwao. Zonse zimaima pa Täsch, makilomita 5 kumunsi, pamene pali nyumba yaikulu yosungiramo galimoto ngati 2,000, yolipira tsiku ndi tsiku. Kuchokera pamenepo aliyense amakwera sitima, ulendo wa mphindi 12. Tsono ngati mathero ake ndi sitima ndithu, ife tikuona kuti nkwanzeru kuyamba nayo pa Geneva pomwepo.

Siteshoni ya sitima inalumikizidwa ku bwalo la ndegelo m'chaka cha 1987, kotero kuti munthu amakankha ngolo ya katundu osatuluka panja pa mphepo. Ana osakwana zaka 6 salipira. A zaka 6 kufikira 15 amalipira theka, koma makolo ogula tikiti ya alendo yotchedwa Swiss Travel Pass amapatsidwa kwaulere khadi la banja, limene ana ao amakwera nalo osalipira. Amene katundu wawachulukira angathe kumpereka ku ofesi ya njanji kuti akampeze ku Zermatt, koma adziwe kuti katundu wotere safika tsiku lomwelo. Majasi, zipewa ndi mankhwala a ana zisachoke m'manja. Timatabwa ta ski ndi nsapato zake nzosafunika kusenza, pakuti m'mudzimo muli masitolo ambiri obwereketsa.

Gawo loyamba la ulendo, la maola awiri ndi theka, ndi lopumulitsa. Khalani ku dzanja lamanja, pakuti ndiko kuli nyanja ya Geneva, ndipo tsidya lake mapiri a ku France aima oyera. Kupitirira Lausanne njanji imadzera m'munsi mwa minda ya mphesa ya Lavaux, yokhala pa makwerero a miyala amene anthu anayamba kumanga zaka mazana ambiri zapitazo. M'chisanu mipesayo imangokhala zitsa zakuda. Patsogolo pa Montreux pali linga lakale la Chillon, lomangidwa pa thanthwe m'mphepete mwa madzi, ndipo limaoneka kanthawi kochepa chabe. Nyanja ikatha sitima imalowa m'chigwa cha mtsinje wa Rhône, nkudutsa Martigny ndi Sion, mzinda wa timapiri tiwiri, kena kali ndi mabwinja a linga, kena tchalitchi chakale. Kufikira pa Sierre anthu amalankhula Chifalansa. Kupitirira pamenepo ndi Chijeremani. Mwana watcheru adzazindikira yekha kuti mau a pa zikwangwani asintha ngakhale kuti sanaoloke malire a dziko.

Pa Visp ndi pamene banja limayesedwa. Apa nkofunika kutsika ndi kukwera sitima ina, yofiira, ya kampani ya Matterhorn Gotthard Bahn. Anthu a ku Switzerland amakonza nthawi za sitima zao molumikizana bwino, ndipo kawiri-kawiri pakati pa kutsika ndi kukwera pamakhala mphindi zowerengeka. Kwa mwini dziko wonyamula kachikwama kamodzi mphindizo nzokwanira. Kwa mayi wobereka mwana, amene wina akumukoka chovala, wina akufuna kuchimbudzi, si choncho ai. Makolo agawane ntchito sitima isanaime: wakuti atenga masutukesi akuti, wakuti agwira dzanja la mwana wakuti, ndipo ana okulirapo auzidwe kuti wosochera aime pomwepo osayenda. Katundu awerengedwe potsika, awerengedwenso pokwera. Ndipo ngati zikuoneka kuti nthawi yachepa, isiyeni sitimayo ipite. Masana ina imabwera ola lisanathe, ndipo kudikira pa siteshoni nkopepuka kusiyana ndi kuona zitseko zikutsekeka bambo ali m'kati, mayi ndi ana ali panja.

Kuchokera pa Visp kufika ku Zermatt ndi makilomita 35 okha, koma sitima imatha ola ndi mphindi zingapo. Chifukwa chake ndi chitunda. Visp ali pa mamita ngati 650, ndiye kuti pa kamtunda aka sitima iyenera kukwera pafupi-fupi mamita 1,000. Magudumu achitsulo pa njanji yachitsulo amaterereka pa mtunda wotere. Tsono m'malo otsetsereka kwambiri, pakati pa njanji ziwirizo anaikapo yachitatu ya mano ngati sowo, ndipo pansi pa sitima pali gudumu la mano limene limaluma m'menemo. Mukamva sitima ikuchepetsa liwiro, kenaka kaphokoso pansi pa mapazi anu, dziwani kuti mano agwirana. Njanji yake ndi yopapatiza, ya mita imodzi, kuti izitha kukhota m'mbali mwa matanthwe. Pa zenera mtsinje wa Vispa umaoneka pansi pa phompho, ndipo midzi ya Stalden ndi St. Niklaus imadutsa ndi nyumba zake za matabwa odetsedwa ndi dzuwa. Onetsetsaninso nkhokwe za kumeneko: zimaima pa timizati, ndipo pamwamba pa mzati uliwonse pali mwala waphanthi-phanthi wotchinga mbewa. Mlimi wa kulikonse angazizindikire msanga.

Njanjiyi inatsegulidwa m'chaka cha 1891, patapita zaka 26 chikwerere Edward Whymper ndi anzake asanu ndi mmodzi pa nsonga ya Matterhorn mu 1865, ulendo umene anayi a iwo anafera potsika, nuutchukitsa mudziwo m'maiko onse. Kwa zaka zambiri sitima sinali kuyenda chaka chonse, pakuti m'chisanu chipale chogumuka m'mapiri chinali kukwirira njanji. Kuyenda kosalekeza kunayamba mu 1933, atamanga madenga olimba pamwamba pa njanji m'malo oopsa. Madengawo mudzawaona, sitima imalowa ndi kutuluka m'menemo kambiri-mbiri.

Komabe phiri silinagonje. Musanafike pa mudzi wa Randa, ku dzanja lamanja, pali chipsera chachikulu chotuwa, ndi mulu wa miyala pansi pake. Mu Epulo ndi Meyi 1991 mbali ya phiri inagumuka, nikwirira njanji ndi mseu, nitseka mtsinje mpaka madzi analowa m'nyumba za kumunsi kwa mudzi. Palibe munthu anafa, koma ziweto zinaonongeka, ndipo anachita kulambula njira yatsopano ya njanji. Mu Januwale 2018 chipale chinagwa chochuluka kotero kuti njanji ndi mseu zinatsekedwa, ndipo alendo ngati 13,000 anatsekeredwa m'mudzimo. Ofulumira anatulutsidwa pa helikopita kukatsikira pa Täsch. Zotere sizichitika chaka ndi chaka, koma mudzi wa khomo limodzi ndi wotero. Banja lochenjera limafunsa za nyengo lisananyamuke ku Geneva, ndipo pobwerera silidalira sitima yomalizira yokafika pa ndege.

Palinso nkhani ya dzuwa. Mu Disembala kumada isanakwane 5 koloko, ndipo m'chigwa chozama chotere mthunzi umafika kale nthawiyo isanakwane. Werengani nokha: ola limodzi la mapasipoti ndi katundu, maola ngati anayi a sitima. Ndege yotera 10 koloko m'mawa imafikitsa banja kukali kowala. Yotera madzulo imalifikitsa pakati pa usiku, ana atalefuka, kunja kukuzizira koopsa; pamenepo nkwabwino kugona ku Geneva ndi kulawira m'mawa. Loweruka ndilo tsiku lothithikana, pakuti nyumba zambiri za alendo zimabwereketsedwa kuyambira Loweruka kufikira Loweruka, ndipo opita ndi obwera amakumana m'mabogi omwewo ndi katundu wao yense.

Potuluka pa siteshoni ya Zermatt chinthu choyamba kudabwitsa ndi bata. Pabwalo pamaima timagalimoto tamagetsi, tooneka ngati mabokosi, timene timanyamula anthu ndi katundu kunka ku mahotela. Mahotela ena akale amatumizabe ngolo ya akavalo. Timagalimototi tilibe phokoso, ndipo ana ozolowera kumva galimoto isanafike agwiridwe dzanja ndithu. Mpweya wa kumeneko ndi wouma, choncho ana amwe madzi ambiri. Achinyamata adzafuna m'mawa mwake kukwera kabokosi koyenda pa chingwe kopita ku Klein Matterhorn, pa mamita 3,883. Makolo awaletse kwa tsiku limodzi kapena awiri. Thupi limene dzulo linali m'chigwa silizolowera msanga mpweya wochepa wa pamwamba potero, ndipo mwana wamng'ono sadziwa kufotokoza kuti mutu ukumuwawa, amangolira.

Ofika usiku saliona phiri limene adzera. Amagona osadziwa kuti lili mbali iti. M'mawa, amene angapirire chisanu atsike pa mlatho wa pafupi ndi tchalitchi cha pakati pa mudzi, ayang'ane kumtunda kwa mtsinje. Mudzi wonse umakhala ukali mu mthunzi, nyali za m'nyumba zikuyaka, koma dzuwa limayamba kukhudza nsonga yokha ya Matterhorn, niifiiritsa ngati khala la moto, ndipo kuwalako kumatsika pang'ono-pang'ono ndi thanthwe.