Tomato 127

Anzanga a pagulu pano, sabata ino ndabwera ndi mlandu womwe ndinapalamula kwa mwana wanga.

Loweruka lapitali ndinapikula dengu la tomato m'mamawa. Nditachotsa ophwanyika, otsala anali 127. Ndinauza mtsikana wanga wa Fomu 2 kuti aunjike milu yofanana pabenchi, ine ndikagule majumbo. Pobwera ndinapeza milu ya atatuatatu, mmodzi ali pambali. Ndinati aike anayianayi, anatsala atatu. Asanuasanu, anatsala awiri. Mtima unandikwera. Mukudziwa inu, phindu la tomato limathera pa mmodzi yemwe wasowayo. Ndinamukalipira pamaso pa anthu kuti wabisa ena, mpaka ndinanena mawu oipa, akuti fizi yomwe ndimamulipirira ndi ndalama yotaya.

Iye sanalire. Anangoti, "Amayi, palibe wasowa. 127 ndi prime number. Siigawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iyo yomwe."

Mawuwo ndinawamvapo kusekondale, koma ndinawasiya komweko. Anandionetsa pa katoni kuti sufunika kuyesa nambala zonse ayi. Ungoyesa 2, 3, 5, 7 ndi 11 basi, chifukwa 13 kuchulukitsa ndi 13 wadutsa kale 127. Zonsezo zinasiya chotsala.

Madzulo, manyazi atandigwira, ndinamugulira bandulo kuti andionetse zambiri. Kani 127 ili ndi mtundu wakewake. Ukachulukitsa ma 2 asanu ndi awiri umapeza 128, ukachotsapo 1 ndi yomweyo. Zoterezi amazitchula dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France wa zaka za m'ma 1600. Abale ake a 127 ndi 3, 7 ndi 31. Koma musaganize kuti njirayi imabala nthawi zonse: ma 2 okwana 11 kuchotsa 1 ndi 2047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Imaoneka yolimba kunja ngati tomato wina uja, kani mkati ndi wofewa.

Chomwe chinandisowetsa tulo ndi ichi. Mu Okutobala 2024, bambo wina wa ku America, Luke Durant, anapeza ina ya mtundu womwewu pogwiritsa ntchito makompyuta ambirimbiri: ma 2 okwana 136,279,841 kuwachulukitsa, n'kuchotsa 1. Kuti uilembe pamafunika manambala 41,024,320. Utamalemba imodzi pa sekondi iliyonse, osadya, osagona, chaka ndi miyezi itatu zitha usanamalize. Ndipo si prime number yomaliza, poti Euclid anatsimikiza kalekale kuti ma prime number alibe pothera.

Kaya bamboyo anapindulanji, ine wa pamsika sindingamuweruze. Ndinkangoganiza za dengu la tomato ochuluka choncho, wina n'kumakalipira mwana kuti waba.

Kupepesa kwa mwana wobereka wekha n'kovuta, anzanga. Ndinayesa kawiri, mawu akukanira pakhosi. Lolemba ndinangomupatsira fizi ya teremu ino m'manja, yonse, ndi tomato mmodzi pamwamba. Anaseka, n'kumuika m'chikwama.